Mwafunsa: Kodi chopanira changa chodzaziranso zipolopolo n'chatsopano moti n'kupatsidwa patenti?

FUNSO

Zikomo akonzi. Ndine bambo wachikulire ndithu, ndipo ntchito yanga ndi yosula ndi kusema zitsulo pa makina. Pa nthawi yopuma ndimachita masewera owombera chandamale ku kalabu yovomerezeka, mfuti yanga ili ndi chiphaso, ndipo kumene ndimakhala lamulo limalola munthu wachiphaso kudzazanso zigoba za zipolopolo zimene waombera. Makina amene anzanga amagwiritsa ntchito ndi olemera, omangirira pa tebulo ndi mabawuti. Ine ndapanga chopanira chogwira m'manja. Chili ndi zogwirira ziwiri, ukachifinya chimadzikhoma chokha, chili ndi bawuti yosinthira kuzama kwa mutu wa chipolopolo, ndipo mano ake amagwira zigoba za masaizi osiyanasiyana popanda kusintha chilichonse. Ndinaikanso kachitsulo kotsetsereka m'kati kuti chigoba chizilowa chowongoka, chifukwa poyamba mitu inkakhala yopendekeka. Sindinachionepo m'sitolo kapena pa intaneti. Anzanga awiri ndinawabwereka kuti ayese, wina akufuna kugula, ndipo mwana wanga akuti aike vidiyo yake pa YouTube. Kodi n'chatsopano moti ndingapeze patenti?

Wosula zitsulo

YANKHO

Bambo, ndiyambe ndi zimene sizingadikire kuti mumalize kuwerenga tsamba lino. Vidiyo ija isaikidwe kaye. Mnzanu wofuna kugulayo mumuuze kuti adikire, ndipo musamutchulire mtengo. Zopanira ziwiri zili kwa anzanuzo mukazitenge sabata ino. Chifukwa chake ndifotokoza m'munsimu, koma chitani zimenezi musanachite china chilichonse.

Kwa owerenga amene nkhani ya mfuti ndi yachilendo, chipolopolo chili ndi zinthu zinayi: chigoba cha mkuwa, onga, mutu umene umauluka, ndi primer, kachitsulo kakang'ono ka kumbuyo kamene kamayatsa ongawo. Mfuti ikalira mutu umapita, onga ndi primer zimatha ntchito, chigoba n'kutsala, ndipo chikhoza kugwiranso ntchito kangapo. Chida chodzaziranso chimakankha primer wakale, n'kubwezeretsa kukamwa kwa chigoba pa saizi yake, kulowetsa primer wina ndi kukhazika mutu watsopano. Yonseyi ndi ntchito yokankha chitsulo ndi mphamvu, mowongoka, pa mlingo umodzimodzi nthawi iliyonse. Za muyeso wa onga sindilowamo. Imeneyo ndi nkhani ya mabuku ovomerezeka a opanga ongawo, ndipo kulakwitsa kwake kumavulaza anthu.

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi yofufuza m'zikalata za mapatenti (patenti ndi chitetezo chimene boma limapatsa wotulukira chinthu chatsopano kuti ena asachipange popanda chilolezo chake), ndipo mawu amene ndimawamva kawirikawiri kwa amisiri ndi omwe mwalemba inuwa: sindinachionepo m'sitolo. Ndimawamvetsa, koma ofesi ya mapatenti siyang'ana m'sitolo. Woyesa pempho lanu amafunsa ngati chinthucho chinali chitafika kale poti anthu akanatha kuchidziwa tsiku limene munapereka pempho lisanakwane, kwina kulikonse pa dziko lapansi, m'chilankhulo chilichonse, kaya cholembedwa, chojambulidwa, chogulitsidwa kapena chongogwiritsidwa ntchito poyera. Zinthu zambiri zimene zili m'mapatenti sizinafikepo pa shelefu. Munthu analemba, analipira, ndalama zopangira zinamuthera, koma pepala lake lilipo ndipo limatseka njira kwa wobwera pambuyo.

Lamuloli ndi louma kuposa mmene anthu amaganizira. Mu 1986 khoti la apilo la ku America linakana pempho la patenti chifukwa cha kabuku kamodzi ka wophunzira wa digiri ya udokotala kamene kanali mu laibulale ya yunivesite ya Freiburg ku Germany. Panalibe umboni wotsimikizira kuti wina anakawerengapo. Kungoti kanalembedwa m'kaundula wa laibulale, munthu wofuna akanakapeza. Ku England, mu 1985, patenti ya thabwa loyenda pa madzi ndi thanga inagwa pamene khoti linamva kuti mnyamata wa zaka 12, Peter Chilvers, anakhoma chinthu chonga chimenecho mu 1958 n'kumasewera nacho pa gombe la Hayling Island anthu akuona. Mwanayo sanalembe patenti, sanagulitse kanthu, koma zimene anachita poyera zinakwana.

Tsono tiyeni tione makolo a chopanira chanu, chifukwa alipo ndipo ndi akale. M'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 kampani ya Winchester inkagulitsa kale zida za m'manja zodzaziranso zipolopolo za mfuti zake. Mu 1884 John H. Barlow anayambitsa Ideal Manufacturing Company ku New Haven, m'chigawo cha Connecticut, ndipo chaka chomwecho anapeza mapatenti a chopanira chake. Mukachiona pafupi ndi chinthu chosavuta: zogwirira ziwiri zachitsulo zolumikizidwa ndi pini kumapeto, pa chimodzi pali chibowo cholowetsamo chigoba, chinacho chimakankha, ndipo pali kambedza kakang'ono kamene kamakoka chigoba potsegula. Mitundu ina inali ndi chikombole choumbira mitu ya mtovu kunsonga kwake, kuti mlenje wa kutali anyamule chida chimodzi chokha m'thumba. Ina inali ndi posinthira kuzama kwa mutu. Mu 1925 kampani ya Lyman inagula malonda a Ideal, ndipo pambuyo pake inatulutsa chopanira chotchedwa 310, chimene umamangirako tizitsulo tamazinga tosiyanasiyana malinga ndi ntchito ndi saizi. Mu 1958 Richard Lee wa ku Wisconsin anabwera ndi Lee Loader, kabokosi ka tizida togogoda ndi nyundo yopepuka, ndipo kampani ya Lee imapanganso makina ofinya m'manja osafuna tebulo.

Choncho ganizo lalikululo, loti munthu adzazenso chipolopolo ndi chida chofinya m'manja, lakhala la aliyense kwa zaka zoposa 100. Mukalemba pempho lanu motero, woyesa adzalibweza tsiku lomwelo. Bawuti yosinthira kuzama inaliponso. Kudzikhoma kwa zogwirira kuli ndi mwini wake wakale: William Petersen, wosula zitsulo ngati inu, wochokera ku Denmark amene ankakhala ku DeWitt m'chigawo cha Nebraska, ndiye anabweretsa chopanira chodzikhoma cha Vise-Grip m'zaka za m'ma 1920. Mano ogwira zigoba za masaizi ambiri alipo pa makina a pa tebulo a Co-Ax a kampani ya Forster, pamene timano tiwiri ta masipuling'i timatseka tokha chigoba chikamakwera.

Musagwe mphwayi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasiyira msanga. Kuti woyesa anene kuti chinthu chanu sichatsopano, ayenera kupeza mbali zonse zimene mwazitchula mu chikalata chimodzi kapena chida chimodzi chakale, zitalumikizidwa monga mwazilumikizira inu. Saloledwa pa funso limeneli kutola chogwirira kwa Barlow, loko kwa Petersen, mano kwa Forster, n'kuzisonkhanitsa yekha pa desiki. Ngati palibe chikalata chimodzi chosonyeza zonse, mwadutsa chipata choyamba. Makhoti a ku America ali ndi njira yachidule yoyesera zimenezi kuyambira mu 1889: tengani chida chakalecho, muyerekeze kuti chapangidwa lero patenti yanu ilipo kale. Ngati mukanachisumira kuti chakuberani, ndiye kuti kubwera kwake kale kwapha patenti yanuyo.

Zonse zimadalira ziganizo za kumapeto kwa chikalata, zimene amisiri a ntchitoyi amazitcha ma claim. Zithunzi ndi mafotokozedwe ndi zothandiza, koma ma claim ndiwo malire a munda wanu. Mukazika zikhomo kutali mumalowa m'minda ya eni ake ndipo amakuzulirani. Mukazika pafupi kwambiri mumatsala ndi kachigawo koti mnzanu amangolambalala. Claim yonena kuti "chida cha zogwirira ziwiri chokankhira chigoba m'chibowo" yalowa m'munda wa Barlow. Claim yonena za bawuti ya mazinga akutiakuti pa chogwirira chotalika mwakuti ikhoza kudutsa, koma wopikisana nanu adzangosintha mazingawo n'kumapanga mwamtendere. Luso la loya wa mapatenti lagona pakupeza pakati, ndipo ndi chifukwa chake sindilangiza munthu kulemba yekha gawo limeneli, ngakhale atakhala katswiri wa zitsulo chotani.

Chipata chachiwiri ndicho chimandidetsa nkhawa pa nkhani yanu. Chinthu chikhoza kukhala chatsopano koma n'kukanidwa chifukwa mmisiri wamba wa ntchito imeneyo, atakhala ndi zakale zonse patsogolo pake, akanachiganiza mosavutika. Apa tsopano woyesa amaloledwa kuphatikiza zikalata. Mfundoyi inayamba kumveka bwino mu 1851 pa mlandu wa Hotchkiss ndi Greenwood, wokhudza zogwirira zitseko. Munthu anapanga chogwirira cha dongo lowotcha m'malo mwa mtengo kapena chitsulo, kamangidwe kake kali komwe kaja. Khoti Lalikulu la ku America linati kusintha chopangira chabe ndi ntchito ya mmisiri waluso, osati kutulukira. Mu 2007, pa mlandu wa KSR ndi Teleflex, khoti lomwelo linagwetsa patenti ya chopondera mafuta cha galimoto chosunthika chimene anachiphatikiza ndi sensa yamagetsi. Zonse ziwiri zinalipo kale, ndipo zitaphatikizidwa chilichonse chinangochita ntchito yake yakale. Ku Ulaya amayesa mwa njira yawo: amatenga chikalata chakale choyandikira kwambiri, n'kufunsa vuto limene kusiyana kwanu kwathetsa, kenaka n'kufunsa ngati mmisiri wamba akanafika pa yankho lomwelo.

Ndinene mosabisa mmene ndikuonera. Loko wa Petersen pa chopanira cha Barlow, woyesa adzati aliyense wofuna kuti dzanja lisatope akanaganiza zimenezo. Mano a masaizi ambiri ochotsedwa pa makina a pa tebulo n'kuikidwa pa chida cha m'manja, adzatero ndithu. Ngati mukuganiza zoonjezera kuti chida chisatseguke kufikira utafinya mpaka pamapeto, dziwani kuti zopanira za amisiri a magetsi zofinyira nsonga za mawaya zili nako kale kachipangizo kotero, ndipo woyesa saona vuto kukatenga chitsanzo ku ntchito ina ngati vuto lake ndi lofanana.

Chimene chandikoka mtima m'kalata yanu ndi chimene mwachitchula mongodutsa: kachitsulo kotsetsereka. Chida chilichonse cha zogwirira zozungulira pa pini chili ndi chilema chobadwa nacho. Chogwirira sichiyenda mowongoka, chimayenda mokhota ngati chigawo cha bwalo, choncho pamene chikuyamba kukhudza chigoba chimakankha chammbali pang'ono, ndipo chimawongoka pokhapokha chikafika kumapeto. Mkuwa wa kukamwa kwa chigoba ndi wopyapyala. Mutu ukayamba kulowa utapendama umakhala wopendama, ndipo wowombera chandamale amaona zotsatira zake pa pepala. Inu munaliona vutoli ndi maso anu, n'kulithetsa. Funso limene ndikanakonda kukufunsani tili pamodzi ndi lakuti, kodi kachitsuloko kamangotsetsereka mu njira yake, kapena kamagwirizana ndi mano aja, moti kufinya kumodzi komweko kumayamba kwaika chigoba pakati kenaka n'kukankha? Ngati n'kungotsetsereka chabe, makina ambiri ofinya ali ndi mpini woyenda mowongoka, ndipo mudzavutika. Ngati pali mgwirizano wa magawo awiriwo, wotheka chifukwa cha kasemedwe kamene munakapeza mutayesa n'kulephera, pamenepo ndi pamene ndingaike ndalama zanga zofufuzira. Zinthu zakale zikaphatikizidwa n'kubala chinthu chimene chilichonse pachokha sichikanachita, lamulo limamvetsera.

Ndipo likamamvetsera limafuna umboni. Tengani zigoba za mtundu umodzi, zina mudzaze ndi chopanira cha kachitsulo kanu, zina ndi chopanda, muyeze kupendama kwa mutu ndi geji ya wotchi imene muli nayo kale pa ntchito yanu, mulembe manambala ndi tsiku. Mayesowa safuna onga kapena primer. Zigoba zopanda kanthu ndi mitu zikukwana. Sunganinso zoyesera zimene zinakanika, musazitaye ku zitsulo zakutha. Mu 1966, pa mlandu wa Graham ndi John Deere, Khoti Lalikulu la ku America linati poyeza ngati chinthu chinali chodziwikiratu, n'kololedwa kuyang'ana ngati vutolo linakhala nthawi yaitali anthu akulifunira yankho, ngati ena anayesa n'kulephera, ndi ngati chinthucho chayenda malonda chifukwa cha luso lakelo. Vuto la zopanira zopendamitsa mitu ngati lakhalapo kuyambira nthawi ya Barlow popanda wolithetsa mwa njira yanu, zaka zonsezo zikukuchitirani umboni.

Tibwerere kwa anzanu awiri aja ndi vidiyo. Mdani woyamba wa patenti nthawi zambiri ndi mwini wake. Ku Ulaya, pansi pa ofesi ya European Patent Office ya ku Munich, chilichonse chimene chaululidwa poyera tsiku lopereka pempho lisanafike chimawerengedwa ngati chakale, ngakhale woulula ndi inu nomwe, ngakhale munaulula dzulo lake. Kupatulapo kwake n'kochepa kwambiri, monga pamene wina wakuberani chinsinsi n'kuchiwanditsa. America imapereka chaka chimodzi kuchokera pamene mwini waulula, Japan ndi South Korea nazonso zimapereka miyezi 12, koma kudalira chisomo chimenechi ndiye kuti mwataya kale maiko amene alibe. Vidiyo ya mphindi ziwiri yosonyeza m'kati mwa chida ndi chikalata chokwanira, chokhala ndi tsiku lake losafufutika.

Kubwereka mnzako nakonso kukhoza kuwerengedwa ngati kugwiritsa ntchito poyera. Mlandu umene umaphunzitsidwa kulikonse ndi wa Egbert ndi Lippmann wa 1881 ku Khoti Lalikulu la ku America. Samuel Barnes anapanga tizitsulo tolimbitsira chovala cha m'kati chothina cha akazi, n'kupatsa bwenzi lake, limene pambuyo pake anadzalikwatira, kuti lizivala. Munali mu 1855. Pempho la patenti anapereka mu 1866. Tizitsulo timeneti tinali tobisika m'kati mwa chovala, palibe wa mumsewu akanationa, koma khoti linati popeza anapereka popanda pangano losunga chinsinsi ndi popanda malire, kumeneko kunali kugwiritsa ntchito poyera, ndipo patenti inafa. Munthu mmodzi anakwana.

Pali khomo lopulumukira. Mu 1878 khoti lomwelo linasiya yamoyo patenti ya msewu woyala ndi zidutswa za matabwa, ngakhale unakhala zaka 6 ngolo zikupondapo ku Boston, chifukwa mwini wake ankauyang'anira yekha, kuufufuza kawirikawiri kuti aone ngati ukulimba. Kunali kuyesa kwenikweni. Ndiye dzifunseni: anzanuwo munawauza kuti asaonetse ena? Ankakubwezerani malipoti? Anakagwiritsa ntchito ku kalabu anthu ena ataunjikana n'kumachigwiragwira? Lembani lero zimene mukukumbukira, ndi tsiku limene munawapatsa, ndipo muwapemphe asaine kakalata kotsimikiza kuti munagwirizana zosunga chinsinsi, ngati munagwirizanadi. Ngati simunatero musapeke. Muuzeni loya zoona, chifukwa patenti yopezedwa pobisa mfundo imadzagwa pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Za kugulitsa, ku America ngakhale kungopereka mtengo kwa wogula kumayambitsa wotchi ya chaka chimodzi ija ngati chinthucho chinali chitakonzeka. Ndi zimene khoti linagamula mu 1998 pa mlandu wa Pfaff. Mu 2019, pa mlandu wa Helsinn, linaonjeza kuti ngakhale malonda amene tsatanetsatane wa chinthucho wasungidwa mwachinsinsi amawerengedwa.

Komanso musazengereze. Kuyambira pa 16 Malichi 2013 America inalowa m'njira imene maiko ena onse ankatsata kale, yoti pa anthu awiri otulukira chinthu chimodzi, wopambana ndi woyamba kupereka pempho, osati woyamba kuganiza. Pakadafunda padajiwitsa, bambo.

Kufufuza koyamba mukhoza kuchita nokha popanda kulipira. Espacenet ya European Patent Office, Patentscope ya WIPO, bungwe la maiko loona za mapatenti la ku Geneva, ndi Google Patents onse ndi masamba aulere a pa intaneti ofufuzira mapatenti. Kufufuza ndi mawu okha kumasocheretsa, chifukwa olemba mapatenti amatchula chinthu chimodzi m'njira khumi, ndipo zikalata zakale zina makompyuta amaziwerenga molakwika. Gwiritsani ntchito manambala a magulu amene maofesi a mapatenti amaikamo zikalata malinga ndi mtundu wa chinthu. Gulu la F42B 33 ndi la kapangidwe ka zipolopolo ndi zida zake, ndipo F42B 33/10 ndi la kukonzanso zigoba zogwiritsidwa kale ntchito. Gulu la B25B 7 ndi la zopanira za m'manja, kuphatikizapo zodzikhoma. Tsegulani chikalata chilichonse muyambe ndi zithunzi. Inu amene mumawerenga mapulani a zitsulo tsiku lililonse mudzazindikira msanga kuposa loya. Mukapeza choyandikira, onani zikalata zimene icho chinatchula ndi zimene zinachitchula pambuyo, mutsate ulusi umenewo mbali zonse ziwiri. Kenaka jambulani tebulo pa pepala: mbali za chida chanu kumanzere, zikalata pamwamba, n'kumachonga. Mzere wotsika umene wachongedwa monse ndi uthenga woipa. Mzere wopingasa umene watsala wopanda chochonga ndiye chuma chanu. Musaiwale makatalogi akale a makampani a zida zimenezi ndi magazini a alenje, chifukwa nawonso amawerengedwa.

Pali mdima umodzi umene kufufuza kulikonse sikungaunike. Mapempho ambiri amasindikizidwa patatha miyezi 18 kuchokera tsiku loyamba kuperekedwa. Wina akhoza kukhala atapereka chaka chatha chinthu chofanana ndi chanu, ndipo palibe angachione lero.

Mukaganiza zopitiriza, kumbukirani kuti patenti imagwira m'dziko limene yaperekedwa mokha. Palibe patenti ya dziko lonse lapansi. Pangano la Paris la 1883 limakupatsani miyezi 12 kuchokera pa pempho loyamba kuti mukapereke m'maiko ena tsiku lanu loyamba lija likusungidwa. Pangano la PCT la 1970, lolola kupereka pempho limodzi loloza maiko ambiri, limatalikitsa nthawi yosankhira maiko kufika pa miyezi 30 m'maiko ambiri, ndipo mumalandira lipoti la kafukufuku lokuuzani pamene mwaima musanawononge zambiri. Patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lopereka pempho, bola muzilipira ndalama zoisungira. Maiko ena, monga Germany ndi China, ali ndi kapatenti kakang'ono ka zaka 10 kopangidwira zida ngati chanuchi, kotuluka msanga, ngakhale mphamvu yake imadzayesedwa pokhapokha wina akakatsutsa. Pa chida cha msika waung'ono chotere, ine ndikanayang'ana dziko limodzi kapena awiri kumene odzazanso zipolopolo ndi ambiri ndi kumene opanga zida zawo ali, osati kumwaza ndalama ponseponse.

Zinthu ziwiri zokhudza mfuti makamaka. Patenti siikupatsani chilolezo chopanga kapena kugulitsa. Imangokupatsani mphamvu yoletsa ena. Malamulo a zida, a onga ndi a kutumiza katundu kunja ndi nkhani ina, amasiyana kwambiri dziko ndi dziko, ndipo kuli maiko kumene kudzazanso chipolopolo popanda chilolezo chapadera ndi mlandu waukulu. Chachiwiri, maofesi ambiri a mapatenti amayamba aona ngati pempho likukhudza chitetezo cha dziko, ndipo maiko ena, kuphatikizapo America ndi Britain, ali ndi malamulo oletsa kukapereka kunja mapempho ena usanapereke kwanu kapena kupempha chilolezo. Chopanira cha m'manja sindikuona chikusungidwa ngati chinsinsi cha boma, koma funsani loya za lamuloli musanatumize pepala lililonse kunja.

Yankho langa tsono ndi ili: chida chonse monga mwachifotokozera chikhoza kukhala kuti palibe anachilembapo ndendende, koma zigawo zake zitatu ndi zakale ndipo kuziphatikiza kokha sikungakufikitseni patali. Kachitsulo kotsetsereka ndi mmene kamagwirira ntchito limodzi ndi mano ndiko koyenera kufufuzidwa mozama. Pitani kwa loya wa mapatenti mutanyamula tebulo lanu lochonga, manambala a geji, ndi tsiku limene anzanu analandira zopanirazo.

FUNSO

Ndili ndi malo osulira zitsulo amene anandisiyira malemu bambo anga. M'bokosi lawo ndinapezamo chopanira chakale cholembedwa Ideal ndi chaka cha 1884. Osonkhanitsa zinthu zakale andifunsa ngati ndingawapangire zofanana nacho. Kodi ndingaswe lamulo la patenti?

Mayi wosula

YANKHO

Mayi, pa patenti mulibe mlandu. Nthawi imeneyo patenti ya ku America inkakhala zaka 17 kuchokera tsiku loperekedwa, choncho za 1884 zinatha mu 1901. Chaka chimene mukuchiona pa chitsulocho chikungonena pamene chitetezo chinayambira. Patenti ikatha, luso lake limakhala la aliyense, ndipo ndilo pangano lenileni la dongosolo lonseli: boma limakutetezani kwa kanthawi, inu n'kuulula kapangidwe kuti ena adzagwiritse ntchito pambuyo.

Chenjerani ndi dzina. Chizindikiro cha malonda sichitha ngati patenti; chimakhalapo malinga ngati eni ake akuchigwiritsa ntchito ndi kuchilembetsanso, ndipo malonda a Ideal anapita kwa Lyman, kampani imene ilipo mpaka lero. Musadinde dzina lawo pa zimene mwapanga. Dindani lanu ndi chaka chimene mwapangira, pamalo poonekera, kuti chida chanu chisadzagulitsidwe m'tsogolo ngati chakale chenicheni kwa munthu wosadziwa. Mukafuna kuonjezapo kanthu kamakono kamene mwaona pa chida cha kampani ina, kanthu kameneko kakhoza kukhala ndi patenti yake yamoyo, choncho kafufuzeni padera. Ndipo musanalandire oda yoyamba, funsani ku ofesi yoona za ziphaso za mfuti ngati kupanga ndi kugulitsa zida zodzaziranso zipolopolo kumafuna chilolezo kumene muli.